Misa ya Mau Anai ya William Byrd

Aphunzitsi anzathu, pa maliro kuno ku Kalomwe timamvabe anthu akuti, "Iyo ndi nyimbo ya Akatolika," ena nati, "Iyo nja a Reformada." Ncifukwa cace tafuna kuti timve za William Byrd, wopeka nyimbo wa ku England, amene anamwalira mu 1623.

Byrd anali Mkatolika, koma kuyambira mu 1572 anagwira nchito yoyimba m'kacisi wa Mfumukazi Elizabeth, Mprotestanti. Masiku amenewo Misa inali yoletsedwa, ndipo lamulo la 1585 linati wansembe wodzozedwa kunja akapezeka m'dzikomo aphedwe. Byrd ndi mkazi wace anaimbidwa mlandu kangapo cifukwa cosapita ku mapemphero a mpingo wa boma.

Kodi cikhulupiriro cace cimamveka m'nyimbo? Ife tikuti inde, koma si m'cilankhulo mokha ai. Nyimbo imene anapekera Aanglikani, yochedwa Great Service, ndi ya Cingerezi, ya makwaya awiri oyankhana, yofuna kacisi wamkuru. Njokoma ndithu, ndipo sitimvamo ulesi. Koma Misa zace zitatu za Cilatini, zosindikizidwa pakati pa 1592 ndi 1595, nza mau atatu, anai ndi asanu basi. Timabuku tace tinaturuka topanda caka, ngakhale dzina la wosindikiza. Anthu anai okha, m'cipinda cotseka, akhoza kuyimba Misa ya mau anai yonse. Tamvetserani kumapeto kwace, popempha mtendere kwa Mwanawankhosa wa Mulungu: mau amodzi amakakamira pamene anzace asuntha, nagundana, namasuka, nagundananso. Kupempha kotere nkwa munthu amene khutu limodzi lili kucitseko.

Ena amamunena kuti ankadya uku ndi uku. Ife sitibvomereza. Wodya konsekonse sasaina dzina, koma la Byrd linalembedwa pa masamba a Misa zoletsedwazo.

Kwathu kuno zinali zotembenuka. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka misyoni ya Reformada ya ku Mphatso ndi zinzace, ndipo Akristu ena ankaoloka malire kukabatizidwa ku Nyasaland. Funsani akuluakulu a m'kalasi mwanu nyimbo zimene makolo ao ankayimba motsitsa mau zaka zimenezo, ndipo alembe okha maina ace pa bolodi.