LIMBA NDI MAU OBWERERA

Munthu akaima patsinde pa phiri napfuula, mau ace amambwerera patapita kanthawi. Akaimba m'nyumba yaikuru yopanda katundu, mau sabwera amodzi amodzi, koma amatsala m'mwamba ngati mkokomo nazilala pang'onopang'ono. Coyambaco Azungu acicha eko, caciwirico rivebu. Woimba limba ayenera kuzisiyanitsa ziwirizi, pakuti nyimbo zambiri zakometsedwa nazo, ndipo zambirinso zaonongeka nazo.

Mau ayenda mamita ngati 340 pa sekondi imodzi. Khutu limamva mau obwerera paokha pamene khoma liri patali mamita 17 kapena kupitirira. Khoma likakhala pafupi, mau obwererawo asanganikirana ndi oyamba aja. Wallace Sabine wa ku Harvard anayamba kuyesa zimenezi m'caka ca 1895, naliza citoliro ca limba m'cipinda cophunziriramo, nawerenga masekondi kufikira mau atatha. Anapeza kuti mitsamiro ndi matupi a anthu zimameza mau, koma makoma ouma amawabweza. Nyumba yolankhuliramo ifuna mkokomo waufupi, ngati sekondi imodzi, koma limba la zitoliro likoma pa masekondi awiri kapena oposa.

Anthu a ku Madzimoyo sayenera kupita kutali kuti amve cimeneci. Misyoni ya Dutch Reformed Church inakhazikitsidwa kumeneko m'caka ca 1903, patapita zaka zinai ciyambire ya ku Magwero, ndipo komweko Justo Mwale anadzozedwa ubusa m'caka ca 1929. M'macalici a njerwa a masiku aja munalibe magetsi, ndipo nyumba yomweyo ndiyo inali kukuza nyimbo. Kumene kunali limba lopopa ndi mapazi, mau ace oonda ananenepa ndi makoma. Nyimbo zikaimbidwa mosafulumira, mzera wina usanayambe, mkokomo wa mzera woyamba unali utatha kale.

Bvuto linadza pamene limba linacoka m'nyumba zazikuru. Laurens Hammond anaturutsa limba la magetsi ku Chicago m'caka ca 1935, koma m'cipinda cacing'ono linamveka louma, pakuti cala cikangocoka, mau anali kudukira pomwepo. Cifukwa cace kampani yace inaikamo masipuling'i a citsulo: mau alowa ku mapeto ena, nanjenjemeretsa sipuling'i, nabwerabwera m'menemo asanaturuke. Ku Germany kampani ya EMT inapanga cina m'caka ca 1957, cimene cinali cipepala cacikuru ca citsulo colendewera m'bokosi. Eko anaipanga ndi tepi. Mutu wina ulemba mau pa tepi, mutu waciwiri uwawerenga patsogolo pang'ono, ndipo mpata wa pakati pa mitu iwiriyo ndiwo ucedwetsa mau. Makina otere ndiwo Copicat wa Charlie Watkins wa ku London, wa 1958, ndi Space Echo wa kampani ya Roland ya ku Japan, wa 1974, amene anali ndi tepi ndi sipuling'i pamodzi.

Makina amenewa anali ndi zirema, ndipo ubwino wao unagona m'ziremazo. Mau akabwerezedwa pa tepi, nthawi iri yonse ataya kuthwa kwao, nakhala ngati acokera patali. Tepi nayo siyenda mofanana ndithu, ndipo kugwedera kwaceko kupatsa moyo limba limene mau ace ali oongoka ngati ulusi. Motero mau obwerera akhala kumbuyo, nasiyira woimba malo a patsogolo. Makina a dijito akhoza kubweza mau osasintha konse, ndipo wowagwiritsa nchito akapanda kusamala, amva ngati anthu asanu alikulankhula pamodzi.

Mbale zitatu zionetsa njira zitatu. Mu "Green Onions" ya 1962, Booker T. Jones analiza limba la Hammond popanda kulikuta ndi mkokomo wambiri, ndipo cala ciri conse cimveka pacokha. Richard Wright wa gulu la Pink Floyd anapititsa limba lace la Farfisa m'makina a Binson Echorec a ku Italy, naliza mau ocepa ataliatali, kuti eko ipeze poyenda. Ku Jamaica, pa mbale ya 1976 yochedwa King Tubbys Meets Rockers Uptown, imene anapanga ndi Augustus Pablo, King Tubby anali kutsekula eko pa liu limodzi naitsekanso msanga. Anthu atatuwa anasiyana m'zambiri, koma anagwirizana pa cimodzi: wocurukitsa eko acepetse zala, wocurukitsa zala acepetse eko.

Lamulo limeneli si lacilendo ku dziko la Ansenga ndi Acewa. Woimba kalimba, amene John Blacking analemba za nyimbo zace m'caka ca 1961, amaphimba kabowo ka kalimba ndi kansalu ka kangaude kuti mau anjenjemere, naliza kalimbayo pamwamba pa cigubu kuti akule. Koma salola kunjenjemerako kumize nyimbo, pakuti adziwa kuti omvera afuna kumva cimene alikudandaula.

Apa ndipo pali mlandu wa oimba ambiri a m'macalici ndi pa maukwati masiku ano. Kiibodi iri ndi rivebu yace m'kati, mikisa ionjezapo eko, ndipo zonsezi ziturukira m'zokuzira mau m'nyumba ya njerwa, ya simenti pansi ndi malata pamwamba, imene iri nao kale mkokomo wokwanira. Ndiko kuthira mcere katatu m'ndiwo zimodzi. Coyamba kutayika ndi mau ang'onoang'ono a cinenero. Kampweya kamene kasiyanitsa "pala" ndi "phala" kamira, ndipo agogo okhala kumbuyo abwerera kwao atamva phokoso, osamva uthenga. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika.

Mnyamata wotsiriza sukulu amene apatsidwa kiibodi ya mpingo ayambe waomba m'manja kamodzi m'calici mopanda anthu, namvetsere kutalika kwa mkokomo. Aombenso anthu atadzaza, ndipo adzapeza kuti wafupika. Nyumba ikakhala yolira, atseke rivebu yonse. Pa bwalo, pamene palibe khoma lobweza mau, atsekule pang'ono, ndipo eko aicere kuti ibwere pamodzi ndi kugunda kwa nyimbo, isapitirire kawiri kapena katatu. Pomariza atume mnzace akakhale pa mpando wotsiriza, ndipo ngati mnzaceyo satha kunena mau a nyimbo yosaidziwa, woimbayo acepetsenso.