Gunduzani: Nkhani Imene Timaisimba Theka

Acinyamata anzanga, mukafunse atate anu kapena amalume kuno ku Lundazi kuti Gunduzani anali ndani. Sadzakuyankhani ali cikhalire ai. Adzaimirira, nafumbata zibakera, nayamba kumenya mphepo. Limeneli linali dzina la Lottie Mwale, katswiri wa nkhonya amene anabadwira ku Kitwe mu 1952.

Kuchuka kwace sikunali kongopatsidwa. Mu 1974 anapata mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch, dziko lathu lisanakwanitse ndi zaka khumi zomwe cilandirire ufulu. Mu 1979 anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada mu Lusaka, natenga lamba wa Commonwealth. Kumidzi kuno kunalibe wailesi ya kanema, motero anthu anamdziwa ndi makutu okha, ataunjikana pa wailesi imodzi, mabatire ace atayanikidwa padzuwa masana onse. Aliyense ankadzijambulira Lottie wacewace m'mutu, ndipo Lottie wa m'mutu sagwa.

Apa ndi pamene ndiri ndi dandaulo ndi akuluakulu athu: nkhani amaidulira pomwepa. Mu November 1980, ku San Diego, Matthew Saad Muhammad anamgwetsa m'raundi yacinai pomenyanirana lamba wa dziko lonse. Pamenepo palibe manyazi, cifukwa ndi angati anafikako? Cimene cimandiwawa ine ndi ca 1992, pamene anakwerabe m'bwalo kukakumana ndi Virgil Hill ali ndi zaka pafupifupi 40, nagonjanso. Oomba m'manja tinali ambiri, koma mutu wolandira zibakerazo unali wa munthu mmodzi. Anamwalira mu Lusaka mu 2005 atavutika ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa thupi amene anagwiranso Muhammad Ali.

Taonani mmene a ku Hungary amasimbira za ngwazi yao, László Papp, munthu woyamba kupata golide wa nkhonya pa Olympics katatu motsatizana: 1948, 1952 ndi 1956. Atalowa nkhonya za ndalama sanagonjepo, koma atayandikira lamba wa dziko lonse boma lace lacikomyunizimu linamletsa kutuluka m'dziko, nkhonya zace zinathera pomwepo. Iwo cilonda cimeneci sacibisa; amacisimba pamodzi ndi mamendulo aja, ndipo bwalo lalikulu la masewera mu Budapest limachedwa ndi dzina lace. Ndico cace ngakhale mwana wobadwa Papp atamwalira kale mu 2003 amamdziwa ngati munthu, osati ngati nthano.

Inu munakondwera pamene Catherine Phiri anatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016, ndipo ena mwa inu mwamangirira kale thumba la mcenga pa mtengo wa mango. Amalume akatha kumenya mphepo, muwakhazike pansi, muwafunse za San Diego, za 1992, ndi za zaka zija Gunduzani anali kudwala.