Mammon: Poyambira Pamphamvu, Pakati Popota Mopitirira

Sabata ino tiyeni tiike kaye mabuku pambali, tione sewero la pa TV lochokera ku Norway lotchedwa Mammon. Ndichenjezeretu: ndiulula zina za m'nkhaniyi, ndiye amene simunaonere muwerenge mukudziwa.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa kanema wa NRK pa 1 Januwale 2014. Analiyambitsa ndi abale awiri, Vegard ndi Gjermund Stenberg Eriksen, ndipo sizoni yoyamba, ya zigawo 6, anaitsogolera ndi Cecilie Mosli. Sizoni yachiwiri inatuluka mu 2016, n'kudzapata mphoto ya International Emmy mu 2017. Lero tikamba za yoyambayo.

Mwini nkhani ndi Peter Verås, mtolankhani wa nyuzipepala yongopeka ya Aftenavisen mumzinda wa Oslo, ndipo amene akusewera ndi Jon Øigarden. Munthu wina wosadziwika akumupatsa umboni wa chinyengo cha ndalama, koma wachinyengoyo ndi Daniel, m'bale wake weniweni. Peter sakubwerera m'mbuyo, nkhani ikutuluka, ndipo Daniel akudzipha. Kenako zikudziwika kuti amene ankatumiza umboniwo anali Daniel yemweyo.

Apa ndiye pagona mphamvu yoyamba ya seweroli. Masewero ambiri a atolankhani amatipatsa ngwazi yoyera mbee ikulimbana ndi akuluakulu oipa. Mammon ikuyamba ndi funso lowawa: kodi choonadi chikapha m'bale wako, umapitiriza kuchinyadira? Peter wachita zimene ntchito yake imafuna, koma ayenera kuyang'ana m'maso mlamu wake Eva, mwana wa malemuyo Andreas, ndi bambo ake omwe ndi abusa. Paja amati magazi salowa dzimbiri. Øigarden akusewera munthu wouma mutu, wosasangalatsa kwenikweni, amene sungadziwe ngati akuthamangitsa chilungamo kapena akuthawa chikumbumtima. Ameneyu ndi munthu weniweni, osati chifanizo.

Mphamvu yachiwiri ndi mmene nkhani yalukidwira ndi Baibulo. Dzina loti Mammon ndi liwu lija la pa Mateyu 6:24 lotanthauza chuma chimene munthu amachitumikira ngati mbuye. Patapita zaka 5, Peter akulandira phukusi limene Daniel anasiya, momwe muli zovala zosambira pansi pa madzi, tsiku ndi malo. Kumeneko galimoto ikugwera m'madzi, ndipo pakutuluka dzina limodzi: Abraham. Chithunzi cha kholo lokonzeka kupereka mwana wake nsembe chikuyenda m'nkhani yonse. Funso lake ndi lakuti, anthu amene amapembedza ndalama amapereka ndani pa guwa? Yankho la seweroli ndi ana awo omwe. Zimenezi zikuluma kwambiri chifukwa zikuchitika ku Norway, dziko lolemera ndi mafuta, lodziwika ndi kukhulupirirana. Oipa a m'nkhaniyi si zigawenga za m'makwalala. Ndi anthu a masuti, ndipo mapazi awo akulondolera ku NHH, sukulu yaukachenjede ya zachuma ya ku Bergen. Ife amene tinkatsatira za Cashgate m'miyezi yomweyo tikudziwa kuti wakuba wamkulu sathyola chitseko, amasaina.

Nanga zofooka? Zilipo, ndipo si zazing'ono.

Choyamba, nkhani yapota mopyola muyeso. Chigawo chilichonse chikubwera ndi munthu watsopano, chinsinsi chatsopano, imfa yatsopano. Ukafika pakati umayamba kufunsa kuti kodi uyu ndi ndani uja? Kupotoza nkhani kuli ngati mchere, ukachuluka ndiwo zimaonongeka. Chisoni cha banja la Verås, chomwe chinatikoka poyamba, chikumira m'chipwirikiti cha zizindikiro ndi mayina.

Chachiwiri, pali zina zovuta kumeza. Munthu angakonze bwanji asanafe kuti patapita zaka 5, pa tsiku lakuti, m'bale wake adzaime pamalo akuti atanyamula chovala choyenera? Pa kanema n'zokoma ndithu, koma ukazimitsa TV n'kuganiza, zimagwedera. Ngati Daniel ankafunadi kuti choonadi chidziwike, bwanji osangolemba kalata yomveka? Yankho loona ndi lakuti olembawo ankafuna zigawo 6. Wolemba akaoneka akukoka zingwe chonchi, woonera amasiya kukhulupirira.

Chachitatu, ndipo kwa ine chachikulu, utolankhani ukuzimirira. Filimu ya All the President's Men ya 1976 inatisonyeza kuti kuimba foni, kugogoda pakhomo ndi kutsimikizira nkhani kwa anthu awiri kungagwire mtima kuposa mfuti. Mammon ili ndi mkonzi wabwino, Frank Mathiesen, amene akusewera ndi Nils Ole Oftebro, ndipo mikangano ya m'chipinda cholembera nkhani ndi yokoma zedi. Koma m'zigawo zomaliza Peter akuthamanga ndi kuzemba imfa kuposa kulemba. Wasanduka wapolisi wopanda yunifolomu. Pomwepo Vibeke Haglund wa ku Økokrim, nthambi ya polisi yofufuza milandu ya zachuma, amene luso lake likanatha kunyamula theka la nkhani, nthawi zambiri akungozungulira pa zofuna za Peter.

Ndiye tionere kapena ayi? Onerani. Chigawo choyamba chokha ndi phunziro kwa aliyense wolemba nthano: ikani munthu wanu pakati pa zinthu ziwiri zoyenera, ndipo musamupatse njira yothawira. Zigawo zotsatira zikuphunzitsa mbali inayo, kuti chinsinsi chimodzi chozama chimaposa zinsinsi khumi zosaya. Mammon ndi sewero labwino limene likanakhala lapamwamba likanakhulupirira bala limene linatsegula poyamba.

Funso ndikusiyirani ndi ili, makamaka inu atolankhani muli muno: envulopu ija itafika pa desiki panu, dzina lili m'katimo ndi la mwana wa mayi anu, mungailembe nokha nkhaniyo, mungaipereke kwa mnzanu, kapena ingagone mu dirowa?