Ububa, Mdzutsa-tsala wa kwa Kalindawalo

Ndi! Ndi-ndi! Wambani ng'oma ikungike, mbalule ilankhule, mpanje uvomere. Amayi a chitelele, tipatseni manja. Lero bwalo talipereka kwa chitsamba.

Ububa iwe! Mdzutsa-tsala, Mkana-mbuzi, Mvala-ubweya dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Ku Malawi amakuitana ombwe, ena mthuthu, a mabuku amalemba Tephrosia vogelii, koma kuno kwa mfumu Kalindawalo, kuyambira pa boma la Petauke, kudzera pa Minga, mpaka ku nthochi za ku Nyimba, ndiwe ububa basi. Sunatsike pa lole ya mu Great East Road. Ndiwe mbadwa ya nthaka ya Afirika, makolo anakudziwa fetereza asanaoneke.

Ndi-ndi! Wosavuta kulera, Wosagona ku nazale. Mbewu zako timaziviika m'madzi usiku umodzi. Mvula yoyamba ikalowa pansi timaponya ziwiri kapena zitatu paphando, mita imodzi kuchoka pa linzake, n'kukwirira pang'ono chabe. Chimene umapempha ndi khasu ukadali khanda, poti udzu ukakupitirira umafooka. Ukangofika m'chiuno, mlezi apite kwawo. Suyembekeza ndowa, sulirira manyowa, mbuzi ikakununkhiza imatembenuka yokha. Umakwera mamita awiri, atatu, masamba aubweya, kunsi kwake otuwa, kunsonga kuli maluwa m'magulumagulu, ena oyera mbee, ena a pepo. Wodyetsa bemberezi! M'bale wa nandolo ndi nyemba, koma m'bale wosalowa mumphika.

Mkumba-chonde, Wophika chakudya pansi pomwe maso safika. M'mizu mwako muli timatuza tosunga nayitulojeni wochokera mumpweya, ndipo masamba ako akayoyoka amawolera pomwepo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a bungwe la ICRAF ku Msekera, pafupi ndi Chipata, anayamba kuyesa mitengo yobwezera chonde m'minda yoguga. Unaima nawo pamzere, iwe ndi jelejele, ndi gilisidiya mlendo wa ku Central America. Boma litachotsa dzanja pa mtengo wa fetereza m'zaka za m'ma 1990, alimi a kuno kum'mawa anakutembenukira. Tinene chilungamo, pa ngala za chimanga jelejele amakuposa. Koma jelejele amafuna nazale, kuthirira, kuwokera, ndipo mayi wamasiye wa khasu limodzi nthawi imeneyo aitenga kuti? Iwe ndiwe wa amene alibe aganyu. Zaka ziwiri ugone m'tsala, chachitatu tikudule, masamba m'nthaka, mitengo pamafuwa, chimanga chimere pamalo pako chili bii.

Ndi! Ndi! Mlonda wa nkhokwe, Mliritsa-anankafumbwe. Timathyola masamba ako, timayanika pamthunzi poti dzuwa limakulanda ukali, timasinja titamanga nsalu pamphuno, ufa wako n'kusakaniza ndi chimanga m'thumba. Tsiku lakuchigayo tipete bwino, titsuke, ululu wako usatsatire nsima. Tikakuviika m'madzi ndiwe Msambitsa-ng'ombe, nkhupakupa zimayoyoka, nsabwe za pa lepu zimasamuka. Tikakubzala m'mphepete mwa munda wa mbatata, mfuko imalambalala. Komabe si ububa yense woluma: ulipo mtundu wina wofanana nawe masamba ndi msinkhu koma wopanda ukali, nchifukwa chake mbewu timapempha kwa amene nkhokwe yake taiona ili yosafumbwa.

Tsitsani ng'oma pang'ono, pali mawu olemera. Mledzeretsa-nsomba! Dzina limenelo uli nalo, sitikubisira. Akakusinja n'kukuthira padziwe, nsomba zimayandama mimba kumwamba, yaikulu ndi kamwana komwe, dziwe n'kutsala lopanda mbewu. Lamulo la usodzi la Zambia la 2011 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, ndipo ife tikuvomera. Ku Luangwa usapiteko, ku Msanzala usayandikire, ngakhale ndowa imene tasungunuliramo masamba ako isatsukidwire kumtsinje.

Nawenso uli nawo okugonjetsa, Chimphona choopa lupsa. Moto wa osaka mbewa ukalowa m'tsala lako, zaka ziwiri zimathera m'phulusa, ndiye tilambule m'malire udzu usanaumitsitse. Madzi odikha amakuwoletsa mizu. Ndipo umasunga tinyongolotsi totupitsa mizu, kotero pamene wachoka iwe, fodya ndi tomato asalowepo msanga. Chimanga ndicho mlowam'malo wako.

Ndi-ndi! Ndi-ndi! Wophulika m'chilimwe, Wodzifesa yekha. Makoko ako aubweya akauma amathetheka, njere n'kumwazika m'tchire. Ana inu, tengani malichero! Thyolani akangofiira, muyanike, mupunthe, muuluze, tisunge m'chikho pouma. Ng'oma za mwambo wa Tuwimba zikamalira kwa Kalindawalo, anthu akupempha mvula, mbewu ikhale ili kale m'manja, ina ya kumunda, ina ya kuseri kwa khola, ina tikagawireko apongozi ku Kacholola. Mbalule, kweza!