Chipewa cha Chilembwe pa Bwalo la ku London

Pakati pa mzinda wa London pali bwalo lotchedwa Trafalgar Square, pamene amalonda ndi alembi a makampani apita m'mawa ndi madzulo. Pamenepo, kuyambira September 2022 kufikira 2024, panaima chiboliboli chamkuwa, dzina lake Antelope, chimene anachipanga Samson Kambalu, mwana wa dziko lino. Asadodome wina: si fano lakulipembedza ai, koma chifanizo chakunena mlandu.

Mmisiriyo anatsanza chithunzi cha 1914, m'mene John Chilembwe aimirira ndi mmishoni Mngerezi, John Chorley, pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe. Onse awiri avala zipewa. Tsono nthabwala yake ili apa: Chilembwe anamkuza ngati chimphona, namsiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba. Ife amene tinamva kwa makolo kuti munthu wakuda akakomana ndi Mzungu panjira anayenera kuvula chipewa, tinaseka pakuona chithunzi chake, ndipo kunali kuseka kwabwino. Mmisiri sanaike mfuti m'dzanja la mbusayo, kapena ukali pankhope pake. Chipewa chokha.

Komatu tiri nao mau otsutsa. Chimene chinawawitsa mtima wa Chilembwe si chipewa chokha. Pa minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero anthu analima thonje mwa thangata, ndiko kugwira nchito m'malo mwa kulipira lendi ya pokhala. Ndipo ambiri a iwo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, abale athu a ife a kuno ku Mulanje. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anatentha nyumba zopemphereramo za mpingo wa Chilembwe. Nkhondo ya January 1915 inagwera iye poyamba, ndipo pa 3 February Chilembwe anaphedwa kuno kumbali kwathu, alikuthawira kumalire.

Nanga pamkuwapo kampani iri kuti? Wochepetsedwa ndiye Chorley, bwenzi lake, amene sanachite manyazi kuima naye pamodzi. Mwini munda saoneka konse. Mlembi wa kampani akanatha kudutsapo, namwetulira, nati mwano wa chipewa unatha kalekale, nakamwa tiyi wake wosafunsa kuti wothyola masamba m'munsi mwa phiri lathu alandira zingati patsiku. Ife tikadakhala pambali pa mmisiriyo pamene anali kuumba, tikadampempha aike dengu la thonje pa mapazi a mbusayo.