Funso la pa fomu ndi mawu a mwana wa ku Namitambo

Sabata yathayi ndinaika ndakatulo pambali n'kuyamba kuwerenga kafukufuku wa a zaumoyo. Musaseke ayi. Kafukufuku nayenso ndi zolembalemba: ali ndi wolankhula, ali ndi womvera, ndipo amasankha mawu.

Amene ndinatenga ndi wa Dr Maria Kim ndi anzake a ku Baylor, wotuluka mu 2014. Anafunsa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 omwe ali ndi HIV ku Lilongwe ndi ku Zomba, napeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 aliwonse anali ndi matenda okhumudwa. Ku Chiradzulu sanafike, koma ine powerenga ndimaona nkhope za kwathu. Paja boma lathu lino ndi kumene a MSF anayamba kupereka ma ARV mu 2001, ndipo ana obadwa ndi kachilombo akhala akusonkhana Loweruka m'ma Teen Club athu. Zoti mwana angafune kuchotsa moyo wake si nkhani ya kutali.

Ndiyambe ndi kuyamika. Anthuwa sanafunse m'Chingerezi. Anamasulira m'Chichewa mafunso aja anayambitsa Aaron Beck ku Philadelphia mu 1961, n'kuyesa ngati akugwira ntchito kuno. Imeneyo ndi ntchito ya thukuta.

Koma kumasulira funso sikutsegula pakamwa pa woyankha. Mwa mafunso 21 a Beck, limodzi limafunsa za maganizo odzipha. Tangoganizani mtsikana wa Fomu 2 ku Namitambo atakhala pa benchi, kutsogolo kwake mlendo ali ndi cholembera m'manja. Liwu loti "kudzipha" kwathu kuno ndi lolemera. Ndi liwu la mlandu, poti ndime 229 ya Penal Code inalemba kuti kuyesa kudzipha ndi kulakwira lamulo. Ndi liwu la tchimo, poti mipingo ina siyimba pa maliro otere. Ndi liwu la manyazi a mbumba yonse. Mtsikanayo ayankha kuti ayi, ndipo sakunama. Mumtima mwake liwu limenelo sanalitchulepo.

Zimene iye amanena n'zina. Amati "ndatopa." Amati "bola ndikanapanda kubadwa." Amati "ndingowatsatira amayi," kapena pokwiya, "mudzandifuna." Mphwanga wina ankangoti mutu wadzaza, ife n'kumamugulira Panado miyezi itatu yathunthu. Ali moyo lero chifukwa azakhali ake anamva zimene ife ophunzira sitinamve. Pa fomu palibe kabokosi ka "mutu wadzaza."

Ngakhale dzina la matendalo limandivuta. "Kukhumudwa" kwa agogo anga ndi kuphunthwa pa mwala, kapena kumva kuti mwana walephera mayeso. Mawa zatha. Munthu amene wasiya kudya, wasiya kuseka, akungogona masana, agogo amati akudwala maganizo, ndipo akatero mudzi wonse umadziwa kuti zavuta. Liwu labwino chotere tili nalo kale, ife n'kumakabwereka lina lopepuka. Nanga mwana amene kusukulu amayankha m'Chichewa koma kunyumba amalira m'Chiyao, timufunse m'chiti?

Vuto lina ndi la amene amafunsidwa. Kafukufuku wa m'masukulu amene a WHO anathandizira mu 2009 anafunsa ana omwe anawapeza m'kalasi. Wa Dr Kim anafunsa omwe anabwera kuchipatala. Amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, amene akugulitsa tomato pa Mbulumbuzi, amene anataya makolo ku Ntauchira namondwe Freddy atakokolola mudzi mu Malichi 2023, amenewo cholembera sichiwapeza. Komatu ndi omwe ine ndimawaopera kwambiri.

Sindikuti manambala ndi achabe. Popanda manambala boma silitumiza namwino wa maganizo. Ndikungoti wina akhale kaye pansi pa Teen Club, miyezi ingapo, fomu ali ataisiya m'galimoto, azingolemba mawu amene anawo amalankhula okhaokha. Mafunso adzapangidwe kuchokera pamenepo. Ndipo zotsatira zikatuluka, tsamba limodzi lokha lilembedwe m'Chichewa, likamatidwe pa khoma la chipatala cha Ndunde, pomwe azakhali amadikira pa mzere.