Kodi Nyimbo Ingatunge Madzi?

Lero tikambirane za nyimbo. Tonse timaimba. Amai amaimba pamtondo. Abambo amaimba pomweta udzu. Ana amaimba pabwalo mwezi ukawala. Pamsika wa ku Mandimba, pasiteshoni ya sitima ku Cuamba, pabwalo la mpira ku Massangulo, nyimbo siileka. Koma si kawirikawiri pamene timakhala pansi ndi kufunsana kuti: nyimbo iyi yatipatsa ciani, ndipo yatimana ciani? Nsalu tisanagule timaiunika padzuwa. Nyimbo nayo tiziiunika.

Tisankhe nyimbo za gulu limodzi la kwathu kuno ku Niassa, gulu la Massukos.

Gululi linacokera kuti?

Nkhondo inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma. Anthu ambiri a ku Mandimba ndi ku Ngauma amene anathawira ku Malawi anabwerera kwao. Anapeza nyumba zitagwa, minda itasanduka thengo, zitsime zitakwiririka. M'zaka zimenezo, ku Lichinga kunabadwa gulu la oimba limene linatenga dzina la cipatso ca m'thengo mwathu, masuku.

Mtsogoleri wa gululi, a Feliciano dos Santos, anadwala poliyo ali mwana, ndipo matendawo anawalemaza mwendo. Poliyo amafala kudzera m'madzi ndi m'cakudya cimene cakhudzana ndi zonyansa za munthu. Conco munthu ameneyu akamaimba za madzi abwino, akuimba za cinthu cimene thupi lake likucidziwa. Iwo anatsogoleranso bungwe la Estamos, limene linagwira nchito ya zitsime ndi zimbudzi m'maboma a Lichinga ndi Mandimba.

Mu 2001 gululi linatulutsa cimbale cochedwa Kuimba kwa Massuko. Mu 2007 linatulutsa cina cochedwa Bumping. Mu 2008 a dos Santos analandira mphotho ya Goldman ku San Francisco, m'dziko la America, cifukwa ca nchito yao ya madzi ndi ukhondo.

Zimene tikuyamikira

Coyamba ndi cilankhulo. Massukos anaimba m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Cimakua. Agogo amene sanapondepo m'kalasi amamva mau onse popanda womasulira. Nkhani ya umoyo ikabwera m'Cipwitikizi cokha imathera pabenchi la kutsogolo. Ikabwera m'cilankhulo ca kumtondo imafika mpaka kukhichini.

Caciwiri ndi kulimba mtima. Pacikhalidwe cathu, nkhani ya cimbudzi ndi yamanyazi. Mkamwini sangaichule pamaso pa apongozi. Mfumu siichula pabwalo. Koma nyimbo ili ndi ufulu umene pakamwa palibe. Izi si zacilendo. Kuyambira kale, mai amene wakwiya ndi mwamuna waulesi amaimba pamtondo, mudzi wonse umamva, ndipo palibe amamuzenga mlandu. Massukos anatenga ufulu womwewo ndi kuupatsa gitala. Anaimba za kusamba m'manja, za cimbudzi, za matenda a Edzi, anthu ndi kumavina osacita manyazi.

Cacitatu ndi cakuti nyimbo zao n'zokoma. Tisapeputse mfundo imeneyi. Tonse tinamvapo nyimbo zopekedwa mwacangu pa tsiku la msonkhano, zodzaza ndi malamulo: citani ici, lekani ico. Nyimbo zotere zimafa msonkhano usanabalalike. Nyimbo za Massukos zimayamba zagwira miyendo. Gitala amayenda mopepuka, ng'oma imaitana ciuno, mmodzi amatsogolera ena ndi kumavomera, monga timacitira pa magule athu. Phunziro limalowa pambuyo, ngati mankhwala obisika m'phala la mwana.

Cacinai ndi cakuti oimbawo sanabwere ndi pakamwa pokha. Pambuyo pa nyimbo panali cinthu cooneka ndi maso. Estamos anaphunzitsa anthu cimbudzi ca maenje awiri osazama. Munthu akatha kudzithandiza amathiramo phulusa ndi dothi. Phulusa limacotsa fungo ndi kuthamangitsa nchenche. Dzenje loyamba likadzaza amalikwirira, ndipo banja limasamukira ku laciwiri. Pakapita caka, za m'dzenje loyamba zimakhala zitasanduka manyowa a kumunda. Panalinso njira ya dzenje limodzi: likadzaza, amabzalapo mtengo wa zipatso. Apa nyimbo ndi khasu zinayendera limodzi.

Pamene nyimbo ikuperewera

Kuyamikira kokha si kuweruza. Tsopano tinene pamene nyimbo zotere zimalephera.

Coyamba, miyendo imamva msanga kuposa mutu. Munthu angathe kuvina usiku wonse nyimbo ya kusamba m'manja, m'mawa ndi kudya nsima osasamba. Kukoma kumene kumabweretsa anthu pabwalo ndi komwenso kumaphimba mau. Woimba sangathe kutsatira aliyense kunyumba.

Caciwiri, nyimbo imalankhula kwa tonse mofanana, koma mtolo wa madzi suli wofanana. Ndani amatunga? Ndi mai ndi mwana wamkazi. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilo 20, ndipo cimakwera pamutu wa mtsikana amene anayenera kukhala m'kalasi. M'mwezi wa Okutobala, timitsinje tikauma, mai amalawirira tambala asanalire. Madzi amene wabwera nao ayenera kukwanira kumwa, kuphika ndi kutsuka. Tikamuimbira kuti aliyense asambe m'manja kasanu patsiku, tamuwonjezera ulendo wina wa kucitsime. Pamenepo njinga ili pakhonde, ikudikira bambo kuti apite nayo kubawo. Ife tikufuna kumva nyimbo, yokoma comweco, yofunsa kuti: njinga imene imanyamula fodya ndi thonje kupita kumsika, imalephera bwanji kunyamula zigubu ziwiri?

Cacitatu, nyimbo siikonza mjigo. Oimba akapakira zida zao m'galimoto, mudzi umatsala ndi mjigo wake. Ukathyoka, pamafunika ndalama za m'thumba la komiti, munthu wodziwa kumasula, ndi citsulo cocokera kutali. Ngati zimenezi palibe, anthu amabwerera kudambo kumene ziweto zimamwa, akuimba nyimbo yomweyo ya madzi abwino.

Cacinai, kuchuka kuli ndi mtengo wake. Cimbale coyamba cinali ndi dzina limene agogo amalimva. Caciwiri cinatenga dzina la Cingerezi. Sitikuwadzudzula cifukwa ca zimenezi. N'cinthu conyaditsa kuti dzina la Niassa linamveka kutsidya kwa nyanja. Koma tikukumbutsa oimba acinyamata a ku Cuamba ndi ku Mandimba kuti m'manja mwa alendo mumaombedwa tsiku limodzi, pamene mwana wotsegula m'mimba ali pano masiku onse.

Kodi nyimbo zinathetsa matenda? Iai. Mu Malichi 2022 kolera anabuka ku Machinga, m'dziko la Malawi, ndipo pofika mu 2023 anali atapha anthu oposa 1,700 m'dzikomo. Mu Seputembala 2022 anafika m'boma la Lago, kuno ku Niassa. Kolera safunsa ciphaso pa Chiponde. Amayenda ndi ife pamaliro, paukwati ndi pamsika. Izi sizikutanthauza kuti oimba ananama. Zikutanthauza kuti mutu umodzi susenza denga.

Khutu ndi diso

Pali cinthu cina cimene nyimbo siingathe, ndipo n'cifukwa cake tili m'kalasi muno. Nyimbo siisunga muyeso.

Mwana akatsegula m'mimba, kucipatala amatipatsa kapaketi ka mcere ndi shuga. Kapaketi kamodzi kamasungunulidwa mu lita 1 ya madzi abwino. Madzi akacepa, mcere umaculuka ndipo umapweteka mwana. Pabotolo la Certeza, mankhwala oyeretsera madzi, palembedwa muyeso wake ndi nthawi yodikira. Pakhadi la kusikelo palembedwa tsiku la katemera wa poliyo. Zonsezi khutu limaiwala, koma pepala siliiwala.

Taonani mau awiri awa a Cipwitikizi: cloro ndi cólera. Loyamba ndi mankhwala opha tizilombo m'madzi. Laciwiri ndi matenda. M'khutu amamveka ngati pacibale. M'cigawo ca Nampula munabuka mphekesera kangapo yakuti anthu othira cloro m'zitsime ndiwo akubweretsa cólera. Mu 2009, m'boma la Mogincual, anthu anafa cifukwa ca mphekesera imeneyi. Zifukwa zake zinali zambiri: umphawi, mantha, ndi kusakhulupirira akuluakulu amene amaoneka pamudzi pokhapokha pakagwa tsoka. Koma munthu wodziwa kuwerenga ali ndi cida cimodzi coposa mnzake. Amatenga botolo, amawerenga yekha, amaona kuti malemba ndi osiyana. Sadikira kuuzidwa ndi wapanjira.

Nyimbo imadzutsa mtima. Malemba amasunga cimene mtima wamva. Wina asanyoze mnzake.

Nanga ife makolo?

Ana ndiwo amayamba kugwira nyimbo. Amaitola pawailesi, pafoni ya mkulu wao, m'nyumba zoonetsera mafilimu pamsika. Amafika nayo kunyumba ife tisanaimve. Tsono mwana akaimba za kusamba m'manja, amayang'ana zimene ife tikucita.

Tiyeni tione mbale yosambira m'manja pa nthawi ya nsima. Amayamba ndi bambo, kenaka alendo, kenaka anyamata. Wamng'ono kwambiri amasamba pomaliza, m'madzi amene asanduka akuda. Ameneyo ndiye wofooka thupi kuposa onse. Ulemu kwa akulu ndi wabwino, ndipo sitikuuthetsa. Bambo ayambe ndithu. Koma tizithirirana madzi ndi cikho, kuti aliyense asambe madzi akeake. Sopo akasowa, phulusa lilipo pamafuwa. Pafupi ndi cimbudzi tingapacike kacigubu koboola pamtengo, ndi cingwe comangirira ku kamtengo kopondapo. Madzi amatuluka pang'onopang'ono ndipo saonongeka. Zimenezi sizifuna galimoto yocokera ku Lichinga.

Ciweruzo cathu ndi ici. Nyimbo za Massukos ndi nchito yabwino, yocokera m'nthaka yathu, yolemekeza womvera. Zinatsegula pakamwa pa anthu pa nkhani imene inali yoletsedwa. Pamenepo mphamvu ya nyimbo yathera. Kutunga madzi, kusonkha ndalama za mjigo, kukumba dzenje, kufunsa a boma za citsime cimene analonjeza, ndi kuwerenga zolembedwa pabotolo, zimenezo zatsalira ife.

Mafunso okambirana

1. Ndi nyimbo iti ya m'mudzi mwanu imene imadzudzula khalidwe loipa? Kodi inasintha munthu wina?
2. Pakhomo panu amatunga madzi ndani? Amapita kangati patsiku? Werengani malita ake.
3. Mjigo wa kwanu ukathyoka, ndalama zimacokera kuti? Ndani amalemba m'buku?
4. Lembani mau awa m'kope mwanu: madzi, manja, phulusa, citsime, nyimbo.
5. Pekani nyimbo yanu ya mizere inai yonena za njinga ndi cigubu. Muiimbe pa phunziro lotsatira.